Kumanzere n'kwa Mwini Wake

Dzanja linandigwira paphewa ndisanafike pamzere wa nkhalamba za mamendulo. Linali dzanja lalikulu, la mzungu wovala jekete yachikasu, mmodzi wa anthu amene ankaongolera khamu tsiku limenelo.

"Ima kaye, iwe. Wachitenga kuti chimenecho?"

Ankaloza pachifuwa panga. Kumanzere, pamwamba pa juzi ya sukulu, ndinali nditamangirira mendulo ya agogo anga ndi pini ya thewera.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Linali Lamulungu la mwezi wa Novembala, tsiku limene Angerezi amakumbukira asilikali awo, ndipo tinali pa chipilala cha ku Lewisham, m'mphepete mwa msewu waukulu. Ku London ndinali ndisanathe chaka. Chizungu changa chinali cha sukulu ya pafamu ku Zimbabwe. Kumva ndinkamva, koma poyankha lilime linkalemera.

"Ndi yanga," ndinatero.

"Yako? Unamenya nkhondo iti, yolimbirana mpira?" Anaseka, koma dzanja sanachotse. "Vula, ndiisunge mpaka apolisi abwere. Kwinakwake kuli nkhalamba imene ikuifunafuna m'nyumba monse."

Ndinaiphimba ndi manja onse awiri. Pa zinthu zonse za agogo, chimenechi chokha n'chimene chinawoloka nafe nyanja. Akanachitenga, sindikanadziwa khomo lokachifunsira.

Agogo anga anali a Laitoni Kandulo, bambo a bambo anga. Kwawo kunali ku Ntcheu. Ali mnyamata analowa usilikali wa atsamunda, nakwezedwa sitima ya pamadzi kupita ku Malaya, kumene Angerezi ankamenyana ndi anthu obisala m'nkhalango. Atabwerako sanapeze chochita kumudzi. Anatsetsereka kum'mwera kukalowa mafamu a fodya, ndipo anakalambira komweko, akulondera nyumba zoumitsira fodya. Ife tonse tinabadwira m'komboni ya famu imeneyo.

Mendulo inkakhala m'kachitini ka fodya wamphuno, kosomekedwa kudenga. Inali yasiliva, yokhala ndi mutu wa mfumu ya Angerezi. Inkalendewera pa kansalu kamtundu wa maluwa a jakaranda, mzere wobiriwira pakati. Pa kachitsulo kopingasa panalembedwa kuti Malaya. Ankaitulutsa pa Khirisimasi pokha. Ankaipukuta ndi phulusa, kuivala pa jekete yawo imodzi ija, kenako n'kumazungulira komboni yonse atawongoka ngati mlongoti, ana tikuguba pambuyo pawo ndi mapesi paphewa. Anthu ankawatcha Sajeni, ngakhale kuti usajeniwo sanaulawepo.

Nkhani zawo ndinkazikonda. Misundu imene inkalowa m'nsapato ili ngati ulusi n'kutuluka itatupa ngati chala. Mvula yosadziwa nyengo. Anyani akuba mabisiketi m'matumba a asilikali. Mpunga m'mawa, mpunga madzulo, mpaka munthu kumalota chimanga. Ndipo pomaliza ankati:

"Ku Mangalande kuli tsiku lathu, mdzukulu. Anthu onse amavula zipewa n'kukhala chete, ife a mamendulo titaima kutsogolo. Ine ndekha sindinaimepo. Malo akundisungira, koma ndilibe nsapato zake."

Akatero ankaseka. Ine sindinkaseka. Ndinkaona malo aja, mpata pakati pa anthu awiri, wopanda mwini.

Atamwalira, tsiku logawa katundu wawo, njinga inapita kwa bambo aang'ono, jekete kwa bambo anga. Azakhali anakwera pa mpando, anatsitsa kachitini kudenga, n'kundiitana pamaso pa anthu onse.

"Dzina anakupatsa ali moyo. Lero landira ichi. Laitoni sanafe. Laitoni ndiwe."

Kwathu mawu otere sanenedwa mocheza. Kuyambira tsiku limenelo amayi achikulire a m'komboni ankandipatsa moni wa munthu wamkulu: "Mwadzuka bwanji, a Sajeni?" Mayi anga ondibala ankanditcha apongozi, ngakhale pondituma kukatunga madzi. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti ine ndine iwo.

N'chifukwa chake ku London, aphunzitsi atatiuza za Lamulungu limeneli, anzanga akuvala timaluwa tofiira tapepala, ndinadziwa kuti tsiku lija lafika. Sindinauze munthu. Bambo anali atatsalira ku Zimbabwe. Ine ndi mayi tinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa makapeti. Mayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo m'mawa umenewo anali ndi shifiti.

"Apongozi, ine ndapita. Chakudya chili m'firiji, mutenthetse. Osatuluka, kunjaku kukuzizira kodula makutu. Mukadwala, ine ndilibe tchuthi chodwazikira sajeni wa munthu. Mwamva?"

"Ndamva."

Atangotseka chitseko ndinapukuta nsapato za sukulu mpaka kuwala, ndinatenga pini m'bokosi lawo la singano, n'kutsika masitepe. Jekete ndinaisiya dala, kuti isaphimbe mendulo. Ndinayenda wapansi, mano akugundana. Patali ndinaona mbendera, ana ovala mayunifomu, ndi nkhalamba za zipewa zopendekeka zikusonkhana kutsogolo. Ndinalunjika komweko.

Ndi mmene ndinapezekera m'manja mwa wa jekete yachikasu uja. Anali atayamba kukanula zala zanga chimodzichimodzi pamene mawu ena anamveka kumbuyo kwake.

"Kev, musiye mwanayo. Umuthyola zala."

Anali mkulu wamtali, wowerama, wotsamira ndodo. Anzake ena anali ndi mamendulo ndandanda, olira ngati masipuni akamayenda. Mkuluyu anali ndi imodzi yokha. Nditaiyang'ana, ndinaona kuti ikufanana ndi ya agogo. Kansalu ka jakaranda, mzere wobiriwira pakati.

"Ndine Reg," anatero. "Sindikulanda. Dzina lako ndani?"

"Laitoni Kandulo."

"Igwire wekha, unditembenuzire m'mbali mwake."

Ndinatero. M'mbali mwa mendulo zimenezi amasindikizamo dzina la mwini wake, timalemba ting'onoting'ono. A Reg anawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda juzi yanga. Ankamveka fungo la mankhwala a chifuwa. Anawerenga milomo ikugwedera, kenako anaweramuka.

"Dzina ndi lomwelo, Kev. Wakuba wakoyu ndi katswiri, wabanso dzina."

Kenako anandiyang'ana, nanena mawu amene sindinayembekezere kuwamva pakamwa pa mzungu ku Lewisham. Anawanena m'Chinyanja, chopindika ngati msomali wakale.

"Moni. Muli bwanji? Fodya alipo?"

"Palibe," ndinayankha ndisanaganize.

Anaseka mpaka kutsokomola, nabwerera ku Chizungu. "Nthawi zonse! Palibe, palibe, fodya ali m'chipewa. Ndinali nawo anthu a kwanu ku Malaya, mwana iwe. Chinyanja changa chathera pomwepo. Chotsala ndi chotukwana chokhachokha."

Kev anachotsa dzanja. Sanapepese. "Chabwino, a Reg. Koma kumanzere ayi, inunso mukudziwa. Asinthe, apo ayi akaime kumbuyo ndi anthu ena onse." Anapita kukakonza zotchingira msewu.

A Reg anandifotokozera. Kumanzere, pamtima, amavala munthu amene anapita yekha kunkhondoko. Mwana kapena mdzukulu akamavalira womwalira, amavala kumanja. Ndi mwambo wawo, ndipo aliyense pamzere paja ankaudziwa.

"Sindisintha," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Ine ndine iwowo."

Ndinafotokoza ndi Chizungu changa chothyokathyoka: dzina, kachitini, mawu a azakhali. Ndinkadikira kuti aseke. Sanaseke. Anayang'ana wotchi, anayang'ana oimba malipenga amene ankayesa zida zawo, kenako anakhala pa kakhoma kafupi, nagogoda pambali pawo ndi ndodo kuti ndikhale.

"Kwanu ndi momwemo?"

"Inde."

"Mwambo wabwino. Ife tikafa timangofa." Anatembenukira kwa ine. "Ngati ndiwe iwowo, tandiuza. Ku Malaya unaona chiyani?"

Ndinawauza za misundu, mvula, anyani, mpunga. Ankagwedeza mutu. Misundu, anati, ankaiwotcha ndi ndudu kuti isiye, ndipo anakweza mwendo wa thalauza kundionetsa timabala toyera pa katumba.

"Zonsezo n'zoona. Nanga za anthu anakuuza zotani?"

Ndinafufuza m'nkhani zonse za agogo, imodzi ndi imodzi. Munali nyama, mitengo, madzi. Munalibe munthu wa ku Malaya ndi mmodzi yemwe.

A Reg anayamba kulankhula akuyang'ana msewu, osati ine. Anati anali mnyamata wokonza njinga ku Catford pamene boma linawaitana. Sanafunsidwe ngati akufuna. Anawapatsa wailesi yolemera kuti azibereka kumsana, n'kuwaphatikiza ku gulu la asilikali a ku Nyasalande. Adani sankaoneka. Ankakhala m'kati mwa nkhalango, ndipo chakudya ankachipeza kwa alimi a m'mphepete mwake. Tsono akuluakulu anati alimiwo achotsedwe, akaikidwe m'midzi yozingidwa ndi waya.

"Tinkafika m'bandakucha ndi malole. Tinkawauza kuti anyamule zimene manja angathe. Akakwera, tinkazula chinangwa chawo, n'kuyatsa nyumba kuti asabwerere. Mayi wina anakwera lole ndi mphika wa mpunga ukadali kuwira, ataugwira ndi nsalu. Sanalire, sanatukwane. Ankangosamala mphika wake kuti usatayike. Nyumba yake ndinayatsa ndine. Machesi anali anga."

Ndinamva fungo la udzu wopsa, pomwepo pa Lewisham, m'chisanu muja. Ife tinachoka pafamu chimodzimodzi. Anthu amene anabwera kudzatenga famu anatiuza kuti ndife Amalawi, tizipita kwathu, dziko limene ine ndi mayi tinali tisanalionepo. Anati dzuwa lisatipeze paliwombo tili pomwepo. Mayi anasenza mutu wa makina osokera. Ine ndinanyamula nkhuku ku dzanja ili, kachitini ku dzanja linalo. Tisanafike pamsewu, denga lathu linali litagwera m'kati. Manda a agogo anatsalira komweko. Mnyamata amene anayatsa nyumba yathu nkhope yake ndinali ndisanaiiwale, ndipo ndinkamutukwana mumtima ndikangokumbukira. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu wotero amakalamba, n'kukhala ndi ndodo ndi chifuwa, n'kumaleretsa ana a eni kwa anthu a majekete achikasu.

"Agogo anga anayatsa nawo?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Sindinawadziwe, tinali ambiri. Mwina ankalondera msasa. Mwina ankaphika. Koma lamulo linali limodzi kwa tonse, ndipo mendulo anatipatsa yofanana." Anaigwira yawo ndi chala. "Ndikuuzenso china. Malungo atandigwetsa m'nkhalango, mmodzi wa anthu a kwanu anandibereka kumsana, wailesi n'kupatsa mnzake, mpaka tinatulukira pamsewu. Ankaimba njira yonse kuti ndisagone. Dzina lake sindinafunse. Ndinali mwana wopusa, anthu akuda sindinkawafunsa mayina. Mwina anali agogo ako. Mwina ayi. Zonse ziwiri zili m'kachitsulo aka, mphika uja ndi msana uja."

Lipenga linalira. Nkhalamba zinayamba kuwongola mzere.

"Kumanzere n'kwa munthu amene atafunsidwa angayankhe kuti ndinaliko, ndinachita ndine," anatero a Reg, akudzikoka ndi ndodo kuti aimirire. "Kumanja n'kwa amene wabweretsa munthu wake kuti afike pano. Agogo ako anakupatsa dzina. Zinazo sanakupatse, anapita nazo, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala. Koma zili ndi iwe. Ukafuna kumanzere, ima pafupi ndi ine, Kev ndithana naye. Bola usankhe ukudziwa."

Ndinatsala pa kakhoma paja. Kusintha kunali ngati kuwaika agogo m'manda kachiwiri, ngati kunena kuti azakhali ananama pamaso pa anthu. Kusasintha kunali kuvomera machesi amene sindinawagwire. Ndipo ine ndinkadziwa mbali ya moto imene ndinaimapo. Ndinali mbali ya mayi wa mphika uja.

Pini inandivuta. Zala zinali zitauma ndi chisanu. A Reg anayesa kundithandiza, koma manja awo ankanjenjemera kuposa anga, mpaka pini inawabaya chala. Anatulutsa liwu limodzi la Chinyanja chawo chotsala chija. Sindingalilembe pano. Tinalimbana nayo awiriwiri mpaka mendulo inakhala kumanja, yopendekeka.

Ndinalowa pamzere, pakati pa a Reg ndi mkulu wina wa pa njinga ya olumala. Mkuluyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Reg, masiku ano akulemba usilikali ana a mkaka?"

"Tseka pakamwa, waimira agogo ake."

Mkulu uja anasendeza njinga yake kuti ndipeze poima. Palibe amene anandichotsa.

Belu litagunda, onse anavula zipewa, panali zii. Ndinkamva mpweya wa a Reg ukulira m'chifuwa, ndi chingwe cha mbendera chikumenya mtengo wake. Sindinapemphere. Ndinangoti mumtima: agogo, mwafika, ndakuberekani ine. Kenako, osafuna, ndinaganiza za mayi wa pa lole uja, ngati mpunga wake unapsa, ngati anapeza poukhazika kumene ankapitako.

A Reg sindinaonane nawonso. Chaka chotsatira ndinawafuna pamzere, panalibe. Sukulu ndinaisiya msanga, ndipo lero ndimamanga zitsulo zokwerapo amisiri pa nyumba zazitali. Pamwamba pamenepo munthu amakhala ndi nthawi yoganiza. Azakhali sananame, dzina limayenda. A Reg nawonso sananame, zimene manja anachita siziyenda nalo. Agogo anandipatsa misundu ndi anyani chifukwa ndi katundu amene mwana angasenze. Kale ndinkawaona owala ngati chitsulo chopukutidwa ndi phulusa. Tsopano ndimaona mnyamata wa ku Ntcheu, wotumidwa ndi anthu amene ankalamula dziko lake lomwe, kuti akachotse alimi anzake pa minda yawo, kutsidya kwa nyanja. Chimene anachita sindichidziwa, ndipo palibe wotsala woti ndim'funse. Kuwakonda sindinasiye. Ndinangosiya kunena kuti ndine iwo.

Tsiku lija, nkhata za maluwa zitaikidwa pa chipilala, m'busa amene anatsogolera mapemphero anayenda pamzere akupereka moni kwa aliyense. Anali munthu waulemu, wa mawu ofewa. Atafika pa ine anawerama, anawongola mendulo yanga ndi zala ziwiri, namwetulira.

"Ndi ya agogo ako? Ayenera kuti anali ngwazi. Tandiuza, mwana wanga, anachita zotani kunkhondoko?"

Ndinayang'ana a Reg. Maso awo anali pansi, pa nsonga ya ndodo yawo.

M'busa ankadikira, akumwetulirabe. Ndinalowetsa manja m'matumba, ndinatuluka pamzere, n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera kunyumba.